Alifasi wa Aphunzitsi

Chitini chija chinali cha mkaka, chadzimbiri m'mbali, ndipo kunsi kwake amayi anachiboola ndi msomali kuti madzi azigwa ngati mvula yowaza. Ndicho ndinkathirira ndiwo yamasamba yotchedwa alifasi m'nyengo yozizira, chaka chimene nkhondo inafika kwathu ku Tsangano.

Mbewu yake anabwera nayo ndi aphunzitsi a pasikola pathu, bambo wamtali wokhosomola kosatha, amene boma linawatumiza kuchokera ku Tete. Ankati alifasi ameneyu amakulunga mutu ngati kabichi, ndipo amakonda chisanu cha kumapiri kwathu. Pakhomo pawo madzi anali kutali, choncho anapempha kamalo m'dimba mwathu. Amayi atamva kuti amadyedwa wosaphika anaseka mpaka misozi. "Kodi tasanduka mbuzi?" Komabe anagaula nthaka, nathira manyowa akale a m'khola.

Tinafesa timbewu tating'ono ngati nsabwe, n'kufunditsa udzu. Titaphuka masamba angapo tinaokera, mbande iliyonse kutalikirana phazi la amayi. Ndimakumbukirabe zala zanga zitauma ndi mame, ndikutola nkhono pansi pa masamba, ndi fungo la dothi lakuda lonyowa. Aphunzitsi ankabwera akaweruka, choko chili mbuu m'manja, n'kumanditchula kuti menina, kutanthauza mtsikana. "Madzi patsinde, menina, osati pamutu. Mutu ukanyowa umawola." Lero ndimaona kuti munthuyo ankangofuna poti azigwada n'kuiwala mantha, koma ine ndinkayesa nkhani yonse ndi ndiwo basi.

Mitu itayamba kulimba, amalume anatulukira kuchokera ku Chidzolomondo, mapazi ali ming'alu yokhayokha, opanda ng'ombe zawo ngakhale imodzi. Ataona dimba lathu anaima nthawi yaitali. "Mlongo, kwathuko anthu amfuti akufunsa kuti wa boma amadya kwa yani."

Sabata lomwelo aphunzitsi anagwidwa panjira yopita kumsika, dzuwa likuswa mtengo. Amene anaona anati anawamanga manja ndi luzi n'kulowa nawo kuthengo. Sanabwererenso.

M'mawa mwake ndinapeza amayi m'dimba ndi khasu. Ankatema mitu ija umodzi umodzi. Inkasweka ndi kaphokoso ngati munthu akuponda masamba a chimanga, ndipo patsinde pankatuluka utomoni woyera. Ndinawagwira chitenje ndikukuwa kuti ndi wa aphunzitsi, akabwera adzamufuna. Sanandiyang'ane. Amalume anali atakumba kale dzenje. Anakwiriramo zonse, ngakhale udzu wofunditsira uja, ndipo amayi anamwaza mpiru pamwamba.

"Ndiwo imeneyi sunaionepo," anatero. "Wamva?"

Anthu amfuti anabweradi. Anazungulira nyumba, anasuzumira m'dimba, natenga mbuzi zathu n'kupita. Patsidya pa mtsinje, nyumba imene aphunzitsi ankatengako mkaka inapsa, ndipo mwini wake sitinamuonenso.

Ine ndinakhala osawayankhula amayi mpaka mvula itagwa, ngakhale pamene tinkawoloka malire kuthawira ku Ntcheu nditawatsata pambuyo. Mumtima ndinkati ndi munthu wankhanza amene anaiwala mnzake tsiku limodzi. Sindinkadziwa kuti masamba angathe kuchitira munthu umboni. Sindinkamvetsanso chifukwa chake kumsasa wa othawa nkhondo, mwana wina akangokhosomola kuseri kwa tenti ngati mmene ankachitira aphunzitsi, amayi ankasiya chimene akuchita n'kutembenuka msanga.