Woluza Amagwira Choko

Pa shelefu ya pabalaza pathu ku Barking pali zikho zimene mwamuna wanga amapukuta Loweruka lililonse ngati anazipambana ndi iye. Alendo amakonda chachikulu chija cha makutu awiri. Koma akandifunsa chimene ine ndimachikonda, ndimaloza kachikho ka kumapeto, kopindika mlomo, kamene ndinakatenga mu holo ina ku Lewisham ndisanayambe kudyera madati. Amaseka poganiza kuti ndikucheza. Sindicheza ayi.

Ku London ndinabwerera sukulu, osati kuponya mivi. Sukulu inali ku Greenwich, kogona kunali ku Barking poti lendi yake inali yopiririka, ndipo masana ndinkagwira ganyu yotolera matambula ndi kupukuta matebulo mu kalabu ina ya anthu a m'deralo. Pakhoma la kumapeto panali bolodi la madati, timivi tija toponya ndi dzanja. Ine, mwana wamkazi wa mkulu wa mpingo, wosalawa ndi dontho lomwe la mowa, ndinkaliona ngati chidole cha zidakwa. Koma tsiku lina kalabu ili zii, ndinatola madati atatu amene wina anaiwala pa tebulo, n'kuponya. Awiri anakabaya khoma. Lotsalalo linalowa pa bolodi, ndipo kumbuyo kwanga munthu anatsokomola.

Anali mdala wina wa ku Zambia, kwawo ku Chipata, amene anayendetsa mabasi a mu London mpaka kupuma pa ntchito. Ndiye anali kaputeni wa timu ya madati ya pa kalabupo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaitana kuti amalume.

"Iwe mwana, wall ija yakulakwila chani?" anandifunsa. "Ponya futi, koma manje imilila bwino."

Anandiphunzitsa kaimidwe, kagwiridwe, ndi malamulo. Aliyense amayamba ndi 501, n'kumachotsera zimene wagoletsa mpaka afike pa ziro. Koma dati lomaliza liyenera kulowa m'kamzere kopyapyala ka m'mphepete mwa bolodi, kotchedwa dabulo chifukwa nambala yake imawerengedwa kawiri. Kugoletsa aliyense amagoletsa. Pofera anthu ndi pa dabulo.

Chimene anaiwala kundiphunzitsa ndinachiphunzira mwamanyazi. Pa gemu yanga yoyamba ya timu ndinakumana ndi mzungu wina wachikulire, mutu wonse mbuu. Ataponya madati ake atatu, ndinaona kuti akuyenda mokoka mwendo. Mwana woleredwa bwino angaime n'kumaonerera? Ndinathamanga, kuzula madati ake pa bolodi, n'kuwapatsa ndi manja awiri, maondo nditapinda. Wolemba zigoli anali asanawerenge, ndipo nkhope ya agogo aja inafiira ngati tomato wa pa msika. Amalume anandikokera pambali akudziletsa kuseka.

"Madati ya munthu ni monga toothbrush," anatero. "Sitigwila, olo akhale mukulu bwanji."

Ndinaluza gemu imeneyo, ndipo posakhalitsa ndinadziwa mwambo wina umene unandisautsa zaka. M'mipikisano ing'onoing'ono ya m'maholo mulibe olemba zigoli olembedwa ntchito. Woluza ndiye amagwira choko. Ukagonja suthawira kunyumba kukalira. Umaima pambali pa bolodi lomwelo, n'kulembera anthu a gemu yotsatira. Sugwedezeka, sutsokomola, suyang'ana woponya. Maso ako pa bolodi, mutu wako pa masamu, uku mtima ukuwawa. Ndinagwira choko ine. Ndinkabwerera kunyumba buluku lakuda litatuwa, ndipo mwamuna wanga, amene nthawi imeneyo anali akadali chibwenzi, ankandilandira pakhomo n'kunena kuti, "Takulandirani aphunzitsi, ana akhoza bwanji lero?" Ndinkafuna kumuponya dati la pamphuno.

Chodabwitsa n'chakuti sindinkaluza kwa aliyense. Anyamata a zojambulajambula m'mikono, odzimva, ndinkawakwapula popanda chisoni, ndipo ndinkasangalala kuwaona akufunafuna choko. Koma akangoima kumbuyo kwanga munthu wa imvi, mkono wanga unkasanduka wa phala. Ndinkatsogola bwinobwino mpaka pa dabulo, kenako dati kunja, lina kunja, linanso kunja. Ndipo masewero a madati kuno adzaza ndi nkhalamba.

Amalume anandiuza tili m'sitima, tikuchokera ku mpikisano wina kumene ndinagonja kwa agogo ovala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo.

"Iwe siuluza chifukwa ndiwe weak. Uluza chifukwa cha ulemu."

"Amalume, kwathu munthu wamkulu sitimuchititsa manyazi pagulu."

"Kwanu na kwathu ni kumozi, usanipusise. Chifundo chinapha nkhwali. Mudala uja anabwela kusewela, sanabwele kupempha. Ulemu wa pa board ni kumenya munthu na mphamvu zako zonse, elo pambuyo umugwile chanza."

Ndinakwiya, chifukwa ankanena zoona. Ndinatsika sitima osatsanzika bwino, koma ndisanafike pakhomo ndinali nditatsimikiza mumtima kuti choko chimenechi ndidzachisiya.

Ndinakhoma bolodi pakhoma la kukhitchini. Woyandikana naye atayamba kugogoda chifukwa cha phokoso, ndinapinda thaulo n'kuliika kumbuyo kwa bolodi. M'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito, poti sukulu ndinali nditamaliza ndipo ndinali mu ofesi, ndinkaponya madabulo okhaokha mpaka phewa kutentha. Poponya ndinkayerekeza kuti kumbuyo kwanga kwaima bambo anga enieni, jekete la ku tchalitchi lili pathupi. Masabata oyamba ndinkaphonya ngakhale kukhitchiniko. Amayi ena a ku tchalitchi anayamba kunong'onezana kuti mkazi wa uje amagona m'mabala. Ndinawaitana kuti adzaonere ndikumwa madzi a malalanje, koma palibe anabwera.

Pang'onopang'ono imvi zinasiya kundiopsa. Ndinayamba kubwera ndi tizikho, ndipo maganizo oti ndizidyera madati anakula mpaka kundisowetsa tulo. Ndiye kunamveka za mpikisano wa ku Lewisham, wa amuna ndi akazi pamodzi. Wabizinesi wina analonjeza kuti wopambana adzamutumiza ndi kumulipirira zonse ku mpikisano waukulu umene amasankhirako osewera a ntchito. Kwa ine limenelo linali khomo. Ndinali nditauza kale abwana anga kuti mwina ndiyamba kugwira masiku ochepa, ndipo mwamuna wanga anangoti, "Wakwatiwa kwa mphezi, usaope kung'anima."

Koma pa nthawi imeneyo amalume anali atayamba kuvutika ndi dzanja. Pali matenda ena amene osewera madati amaopa ngakhale kuwatchula. Dzanja silipweteka, silitupa, koma limakana kutaya dati. Munthu amaloza, mkono n'kupita kutsogolo, zala osatseguka. Kwa amalume ankabwera n'kupita. Tsiku lina ankaponya ngati mnyamata, tsiku lina ankaima pamzere ngati chipilala. Sankafuna kuti tizikambirana.

Loweruka la mpikisanolo anadzuka bwino. Holo inali ndi mabolodi mzere wonse wa khoma, fungo la tchipisi ndi mowa wotayika, ndi phokoso la madati ngati matalala pa malata. Amalume ankagwetsa anthu kumbali yawo, ine kumbali yanga. Ndinachotsa nkhalamba ziwiri m'mawa womwewo, mkono uli nganganga, ndipo ndinayamba kudzimva. Kenako woyendetsa mpikisano anaitana mayina a semifainolo. Ndinali ine ndi amalume.

Wopambana magemu atatu ndiye amapita ku fainolo. Yoyamba anatenga iwo, mwaukhondo, mpaka anthu kuwomba m'manja. Yachiwiri ndinatenga ine, yachitatunso ine. Mu yachinayi dzanja lija linawatembenukira.

Ndinali kumbuyo kwawo, ndikuona zonse. Mkono unapita kutsogolo n'kubwerera. Unapitanso n'kubwerera. Anatsika pamzere, kupukuta dzanja pa buluku, n'kuimanso. Dati litachoka linakagwera m'munsi mwa bolodi ngati laponyedwa ndi mwana. Ena mwa anthu amene ankaonerera anayamba kuyang'ana m'matambula mwawo. Munthu amene anandiphunzitsa kuima, amene anandiperekeza m'maholo onse a mu London ndi khadi lake la basi la okalamba, anali kuvulidwa pagulu. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo pa bolodi.

Ine ndinali nditatsala ndi 32, kutanthauza dabulo 16, imene ndinkaimenya kukhitchini ngakhale ndili ndi tulo m'maso. Ndinaima, ndinaloza, ndipo mkono uja wa phala unabwerera ngati sunachokepo. Dati loyamba kunja. Lachiwiri kunja. Lomaliza kunja kwenikweni, koti ngakhale wolemba zigoli anaphethira.

Amalume anaponya madati awo atatu movutika momwemo, nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu pakhosi. Anakazula, ndipo pobwerera anadutsa pafupi nane. Sanandiyang'ane. Analankhula motsitsa, mano atalumana.

"Ukanichitila futi so, usakaniitane amalume."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa mbama. Ndinaima pamzere. Ndinakwiyira amalume, ndinakwiyira dzanja lawo, ndinakwiyira ndi amene anandilera kuti ndizipinda maondo. Kenako ndinakumbukira khitchini, thaulo kumbuyo kwa bolodi, ndi bambo anga a jekete amene ndinkawagonjetsa m'mawa uliwonse. Ndinauza mkono wanga kuti lero ugwira ntchito, ufune usafune. Dati loyamba lomwelo linalowa pakati pa dabulo 16.

Tinagwirana chanza. Maondo anga anapinda okha, ndipo sindinawaletse.

Woluza wa semifainolo inayo anali atazemba kale, choncho choko cha fainolo chinagwera amalume. Woyendetsa mpikisano, mnyamata waulemu wake, anawauza kuti apume, apeza wina wolemba. Amalume anamuyang'ana ngati wawatukwana. "Loser marks," anatero, n'kutola choko.

Fainolo ndinasewera ndi chimnyamata china chachikulu thupi, chodziwa ntchito yake. Sindikumbukira zambiri za magemuwo. Chimene ndikukumbukira ndi msana wa amalume pambali pa bolodi, wowongoka, wosagwedezeka. Dzanja lomwe lija limene linkakana kutaya dati linkalemba manambala oongoka ngati a mphunzitsi wa sitandade wani. Ndikagoletsa zambiri, ankalemba. Ndikaponya zopusa, ankalembanso, osapukusa mutu, osandiyang'ana ngakhale kamodzi. Ndinadziuza kuti munthu uyu sindingamuimitse pamenepo kuti alembe kugonja kwanga. Tinafika pa gemu yomaliza tili ofanana. Mnyamata uja anaphonya dabulo yake ndi kadontho, ndipo ine sindinaphonye yanga.

"Game shot, and the match," anatero amalume, ndi mawu ouma ngati akulengeza za mlendo. Anaika choko pansi n'kukasamba m'manja.

Tinatuluka dzuwa lisanalowe. Tinaima pa siteji ya basi pafupi ndi mashopu, anthu akudutsa ndi majumbo awo, ine kachikho kali m'manja. Chimwemwe chinalipo, koma sichinali chokwanira. Amalume ankangoyang'ana kumene kumachokera basi.

"Amalume, pepani," ndinatero.

"Pepani ya chani?"

"Dzanja lanu. Anthu onse aja akuona. Ndikanatha..."

Anatembenuka n'kutambasula dzanja lija patsogolo panga. M'zikhadabo munali mukadali choko.

"Mwana wanga, ganiza bwino. Ukananilekelela, sembe chachitika chani? Sembe ine naimilila pa final na kwanja aka, hall yonse ili kuniyangana. Elo iwe sembe uli pa side na choko, ulemba manyazi yanga na kwanja yako." Anabweza dzanja m'thumba. "Pa final paja nenze na nchito yamene ningakwanise. Unanipasa ndiwe."

Ndinalira pa siteji pomwepo, mayi wamkulu ndi chikho m'manja, ndipo iwo anandiuza kuti ndisiye kuwachititsa manyazi pagulu.

Sanaponyenso pa mpikisano kuyambira tsiku limenelo. Ine ndinapita kumene anandituma wabizinesi uja, ndinavutika, ndinabwererako kachiwiri, mpaka ndinalowa m'gulu la osewera a ntchito. Kumene ndimasewera masiku ano kuli olemba zigoli a ntchito yawo, ndipo woluza amangonyamula chikwama n'kumapita. Ndaluzako kambirimbiri, kwa ana ndi kwa akulu, chifukwa cha kutopa, mantha, kapena kungokumana ndi wondiposa. Koma akaima kumbuyo kwanga munthu wa imvi, ndimamumenya ndi mphamvu zanga zonse, kenako ndimamugwira chanza ndi manja awiri, maondo nditapinda. Azungu amaganiza kuti bondo limandivuta.