Agulitsa Chipupa, akuti tidikire zaka zisanu

Lachiwiri masana alamu anga a Chisale anandiimbira foni kuntchito. Sachita zimenezi kawirikawiri, chifukwa amadziwa kuti foni ya m'sitolo imene ndimagwiramo ili pa tebulo la abwana.

"Alamu, mwamva? Amugulitsa Chipupa."

"Wamugulitsa ndani?"

"Eni timu. Ndamva pa wailesi ndikuyendetsa. Ndachita kuima pambali pa msewu."

Kwa inu amene simutsata hoki, masewero aja othamangitsana pa ayisi ndi ndodo zokhota, Chipupa ndi dzina limene a Chisale anapatsa wosewera wina wa timu ya mumzinda uno. Ndi wotchinga kumbuyo, mzungu wa ku Canada, wamtali, wopanda mano akutsogolo. Dzina lake lenileni limapinda lilime, ndipo a Chisale sanalivutikire. Wasewera kuno zaka zambiri, ndipo zaka zonsezo timu yakhala ikungoluza. Chiyambireni sinalowepo m'ndime yachipulula, ija matimu amalimbirana chikho nyengo ikamatha.

Chaka chino zinayamba kuoneka ngati zitheka. Sindikunena kuti tinali akatswiri. Koma munthu umatha kutsegula tsamba la masewero m'basi osalibisa. Ndiye eni ake aona kuti ino ndiyo nthawi yabwino yogulitsa munthu wotseka kumbuyo. Posinthana naye sanalandire wosewera ayi. Alandira ufulu wodzasankha anyamata awiri amene pakali pano akadali pasukulu. Akuti akumanganso timu. Akuti tiwapatse zaka zisanu.

A Chisale alibe zaka zisanu.

Iwo ndi mlongo wanga abwerera ku Ntcheu mu Ogasiti. Ofesi imene akhala akuyendetsera galimoto chibwerereni kuno nayonso ikukonzanso kagwiridwe ka ntchito, ndipo madalaivala achikulire ndiwo ayamba kuuzidwa kuti akapume. Chilolezo chawo chokhalira m'dziko muno chimayendera ntchitoyo. Ntchito ikatha, nachonso chatha. Kwathu kulibe wailesi yakanema, ndipo sindikhulupirira kuti wailesi ya kwathu idzaulutsapo za hoki. Chimene a Chisale sachiona nyengo ino, sadzachionanso.

Mwina mufunsa kuti munthu wa ku Ntcheu analowa bwanji m'zinthu za pa ayisi. Abwana awo ndiwo ankawapatsa matikiti, zaka zoyamba zija pamene matikiti a timu imeneyi ankavuta kupereka ngakhale aulere. Tsiku lina kunagwa chipale chofewa chambiri, ndipo galimoto yawo inatitimira pamalo oimika magalimoto ku bwalo la ku Landover. Munthu wina wamtali anatsika m'galimoto yake, n'kukankha nawo mpaka inatuluka. Ataseka, a Chisale anaona kuti alibe mano. Kuyambira tsiku limenelo Chipupa anasanduka m'bale. Ndikukayika ngati mwini wakeyo akukumbukira, koma a Chisale nkhaniyi aifotokoza pa ukwati uliwonse ndi pa maliro aliwonse a Amalawi kuno.

Lachitatu m'mawa anagogoda pakhomo panga ku Silver Spring atavala jekete ndi taye. Anali atapempha theka la tsiku kuntchito. M'manja anali ndi phukusi la tiyi wa ku Mulanje amene mlongo wanga ankasungira alendo.

"Valani, alamu. Tikatsanzikane naye kumene amachitira zokonzekera. Munthu wakhala nafe zaka zonsezi, sangachoke ngati wakuba."

Ndinavala. Inenso ndinkaganiza kuti munthu akachotsedwa pamalo amamupatsa sabata yoti amange katundu. Anatiyendetsa ndi Mabvuto, mwana wawo woyamba, amene anamaliza maphunziro a zachuma ndipo amagwira ntchito ku Gaithersburg. Iye ali ndi mapepala akeake okhalira m'dziko muno, sabwerera nawo kumudzi.

"Adadi, tikungotaya mafuta," anatero Mabvuto, mawu ena m'Chichewa ena m'Chingerezi monga amachitira ana athu. "Wosewera akagulitsidwa amanyamuka tsiku lomwelo."

"Tsiku lomwelo bwanji? Alibe mkazi? Alibe mipando? Ana ake aphunzitsi sakawatsanzika?"

"Zimenezo zimatsatira pambuyo."

"Iwe yendetsa galimoto. Za m'mabuku uzikanena ku ofesi kwako."

Pachipata cha osewera tinapeza mlonda, bambo wonenepa, waulemu ndithu. A Chisale anavula chipewa n'kufotokoza chimene tadzera. Mlondayo anatiyang'ana tonse atatu, kenako anayang'ana phukusi lija. Anati munthuyo anakwera ndege dzulo lomwelo masana, ndipo usiku womwewo anasewera kale atavala malaya a timu ina.

"Nanga anzake anamuperekeza?" anafunsa a Chisale.

Mlonda anaseka, koma sikunali kuseka konyoza. Anati anapita pa takisi.

"Yekha?"

"Ndi zikwama zake."

Mlondayo anadzipereka kuti akasiya phukusilo ku ofesi, mwina iwo angalitumize. A Chisale anakana. Anati mphatso yotsanzikirana imaperekedwa m'manja, munthu ukumuona nkhope. Koma anatinso singabwerere kunyumba, popeza inatuluka kale. Anaipereka kwa mlondayo ndi manja awiri. Bambo uja analandira ndi dzanja limodzi.

Pobwerera ndi pamene mkangano unabuka, ndipo ndi mkangano womwewo umene uli m'nyuzipepala ndi pa wailesi sabata yonse ino. Kodi timu yotere igwetsedwe kuti imangidwenso, kapena ilimbikire kupambana ndi anthu amene ili nawo?

Ndimupatse Mabvuto zake, chifukwa mnyamatayo sanalankhule zopusa. Iye akuti timu ya anthu okalamba ikalowa m'chipulula mokwawa, imatulutsidwa pa ndime yoyamba. Chaka chotsatira anthu omwewo amakhala atakalambirapo, ndipo palibe timu ina ingawafune. Akutinso malamulo a ligi amapatsa timu yotsiriza mwayi woyamba kusankha anyamata abwino. Ndiye kuli bwino kumira kwenikweni zaka ziwiri zitatu, n'kudzatuluka ndi timu yoti ingatenge chikho, kusiyana n'kumangoyandama pakati mpaka kalekale.

"Munthu amagwetsa nyumba imene inaimapo," anayankha bambo ake. "Iyi inaima liti?"

"Ndiye chifukwa chake, adadi. Maziko ake ndi olakwika."

"Maziko ake ndi Chipupa. Mwamugulitsa."

"Bondo lake linatha kale. Aliyense akudziwa."

"Langanso linatha. Undigulitsa liti?"



Ine maganizo anga ndi awa. Masamu a Mabvuto akhoza kukhala olondola. Chimene masamuwo sanena ndi chakuti zaka zomirazo amazilipira ndani. Mwini timu salipira. Iye bwalo ndi lake, ndipo pakapanda hoki amaikamo masewero ena. Bwana wogula ndi kugulitsa osewera salipiranso. Kwa iye mawu akuti tikumanganso ndi chishango, chifukwa munthu amene wanena kuti zipatso zidzaoneka patapita zaka zisanu sangafunsidwe kanthu chaka chino, kapena chamawa. Waluza? Zili m'dongosolo. Waluzanso? Dongosolo likuyenda bwino.

Amalipira ndi uja wokhala pa mipando yam'mwamba, pafupi ndi denga, amene wavala majuzi awiri. Tikiti yake sitsika mtengo chifukwa chakuti eni ake asankha kuluza. Amamuuza kuti aziomba m'manja, pamene m'chipinda cha eni timu anthu akusangalala mwakachetechete kuti timu yatsikanso. Kodi ndi masewero anji amene mwini timu amapindula timu yake ikagonja? Ndipo ife tikamakuwa kuti chinyani chigoli, ndiye kuti tikusokoneza dongosolo?

Komanso mawu amenewa akuti tikumanganso si achilendo. Tawamvapo kale m'bwalo lomwelo. Makochi abwera, makochi apita. Aliyense amafika ndi anyamata ake a mawa, ndipo anyamata a mawa aja akangoyamba kumera ndevu, amagulitsidwa kuti tipeze anyamata ena a mawa. Palibe amene anabwerapo kudzatiuza kuti mawa lija tinkanena lafika, ndi lero.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi chakuti chilankhulo chimenechi sichili ku hoki kokha. Ambiri a inu mumagwira ntchito m'mabanki aakulu ndi m'mabungwe a mumzinda uno. Mawu akuti kukonzanso mumawadziwa bwino kuposa ine. Ena mwa inu ndinu amene mumawalemba. Amanenedwa ndi anthu amene ali ndi nthawi, ponena za anthu amene nthawi yawathera. A Chisale anauzidwa za kupuma kwawo ataimirira m'khonde, ndi mnyamata amene iwo omwe anakamutenga ku bwalo la ndege tsiku limene anafika mumzinda uno, n'kumuonetsa kogula malaya a mphepo. Sanawapatse ngakhale mpando. Anawauza kuti palibe cholakwa chimene achita, ofesi ikungoganizira zam'tsogolo.

Tsogolo limenelo ndi la ndani?

Ndipo tisamaloze azungu okha. Ifenso taphunzira. Kale munthu wa mpingo wathu ku Hyattsville akamabwerera kwathu, tinkasonkhana, amayi n'kuphika, akuluakulu n'kulankhula, kenako magalimoto n'kundondozana mpaka ku bwalo la ndege. Ena ankajomba kuntchito chifukwa cha zimenezo. Masiku ano umangoona kuti mpando wa uje uli wopanda munthu, ukafunsa akuti anapita mwezi watha. Tonse tili otanganidwa. Tonse tikumanga zam'tsogolo. Mabvuto anatiseka kuti tinavala mataye kukatsanzikana ndi munthu amene sakutidziwa. Mwina tinalidi oseketsa pachipata paja. Koma pa anthu onse amene amadzaza bwalo lija, ndi angati anaganiza kuti munthu amene wathyoka mano ndi bondo chifukwa cha mzinda uno ayenera kumva mawu akuti muyende bwino?

Ndiye funso lija ndiliyankha mosazungulira. Timu ilimbikire kupambana. Ikakhala pafupi ndi khomo, ilowe, ngakhale ikatulutsidwe mawa lake. Anthu amene akhala mumphepo zaka zonsezi akuonerera kugonja ayenera kuona kuyesa kwenikweni kamodzi kokha. Anyamata a pasukulu aja sathawa. Chaka chilichonse kumabadwa ena. Ngati eni timu akuona kuti kugwetsa n'kosapeweka, anene poyera kuti chaka chino sitikufuna kupambana, kuti munthu asankhe yekha ngati akwere basi kapena akhale kunyumba. Koma kugulitsa chiyembekezo pakhomo, kuseri ukugulitsa osewera, kumeneko ndi kunamiza anthu.

Mabvuto ananena kuti kulowa m'chipulula n'kutuluka pa ndime yoyamba kulibe phindu. Kwa iye kulibedi. Ali ndi zaka zambiri zoti adzaone zikho. Kwa bambo ake, masewero amodzi okha a chipulula akanakwana. Akanakhala ndi choti akafotokoze ku Ntcheu: ndinaliko, ndinaona ndi maso anga. Tsopano akafotokoza chiyani? Kuti anathera zaka zawo zabwino akuonerera timu imene nthawi zonse inali pafupi kuyamba?

Titafika pa Silver Spring, Mabvuto anayesa kukonza zinthu. Si mwana woipa.

"Adadi, tsiku limene adzatenge chikho ndidzakuimbirani foni."

"Foni yake iti? Ya ku positi ofesi?"

"Ndidzatumiza uthenga kuti mudikire kumeneko."

"Ndidzapalase njinga mpaka pa boma, ndi bondo ili, kuti ndikamve kuti ana amene sindinawaonepo apambana? Ndidzati zikomo kwa ndani?"

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa matikiti a masewero amene atsala nyengo ino, aja anawasungira mwezi wa Malichi chifukwa ankati ndiwo mwezi umene zidzadziwike. Anawaika pa mpando, pambali pa mwana wawo.

"Tenga. Ndi timu yako tsopano. Iwe uli ndi nthawi."

"Adadi, Lamulungu lino akusewera masana. Tipitire limodzi."

"Ndili ndi mabokosi oti ndimange."

Anatsika, n'kupita kukakwera sitima ya ku ntchito. Theka la tsiku limene anapempha linali litatha.

Lamulungu sanapitedi. Mlongo wanga akuti ngakhale wailesi sanatsegule, chinthu chimene sichinachitikepo m'nyumba imeneyo. Anakhala pansi m'chipinda chochezera akukulunga mbale m'nyuzipepala zakale, tsamba la masewero limodzi ndi ena onse.

Inu amene mumatiuza kuti tidikire, ku bwalo la masewero, ku ofesi, ngakhale kumpingo, munayamba mwatembenukapo n'kuyang'ana nkhope za anthu amene mukuwauzawo? Ndi angati mwa iwo amene adzakhalepo?