Chipewa cha Msewu wa ku Nayuchi

Fungo la njereza yonyowa limandibwezera kwathu kufupi ndi Nsanama, chaka chomwe boma la azungu linaganiza zotipangira msewu. Inali nyengo yozizira, nandolo wa amayi atachita maluwa achikasu munda wonse, njuchi zikulira m'menemo kuyambira m'mawa. Ine Marita ndinali kamtsikana kongoyamba kumene kusenza ndowa.

Kunabwera mzungu wofiira khosi ndi kapitawo wake, munthu wakuda ngati ife, koma wolankhula ngati anabadwira mu ofesi ku Zomba. Ankati adzalambula msewu waukulu mpaka kumalire a Apwitikizi ku Nayuchi, ndipo kumeneko adzamanga chipata chokongola kuti anthu a uku ndi uko aziyenderana. Kuyenderana! Ngati kuti tinkadikira iwo. Abale a bambo anga anali tsidya lomwelo, ndipo kanjira ka m'tchire kankatifikitsa kumaliro ndi kuzinkhoswe popanda wotifunsa dzina.

Tsiku lomwe anafika pamunda pathu amayi anali kumtsinje. Kapitawo uja anapeza bambo akusema mpini, nafunsa kuti, "Mwini munda uno ndani?" Ophunzira onsewo sankadziwa kuti kwathu nthaka ndi ya akazi. Bambo anali mkamwini, ndipo chibwerereni palibe anali atawatchulapo mwini wa kanthu. Ndinawaona akuwongola msana. "Ndine," anatero. Mzungu anavula chipewa chake chakale chonunkha thukuta n'kuwaveka, anyamata ake n'kuyamba kukhoma zikhomo pakati penipeni pa nandolo.

Amayi atabwera anatula mtsuko bwinobwino, osataya ngakhale dontho. Anayang'ana zikhomo, kenako chipewa.

"Bambo a Marita, kodi munda uno munabwera nawo? Ine ndinaona mphasa ndi khasu basi."

"Ndi boma, mayi. Boma salikana."

"Iyayi, boma silinandifunse. Linafunsa chipewa."

Amalume, eni mbumba, anayesa kukadandaula, koma anauzidwa kuti mwini wake anavomera kale. Zikwanje zinalowa. Ndikukumbukira fungo lowawa la masamba odulidwa ndi maluwa atamwazika pansi ngati chitenje. Kenako kapitawo anatituma ana tonse kutola miyala, kuindanda m'mbali mwa mpata womwe analambulawo n'kuipaka njereza, ati akuluakulu akubwera kudzaona. Ine ndinasangalala, Mulungu andikhululukire. Manja anga anayera mbuu, ndipo ndinkaganiza kuti munda wathu wasanduka tauni.

Akuluakuluwo anabweradi. Anatsika galimoto, anatambasula pepala lalikulu, analoza kum'mawa, anamwa tiyi pansi pa mtengo wathu wa mango, n'kupita. Sitinawaonenso. Tinangomva kuti mapulani asintha, msewu udzera kwina. Chiswe chinadya zikhomo, mvula yoyamba inatsuka miyala, ndipo mpata wonse unamera chisoso.

Miyezi ya njala itafika tinalibe nandolo wodya kapena wosinthanitsa ndi chimanga. Amalume anayamba kunena zoti mkamwini wotere abwerere kwawo. Amayi ankangopemphera kolona. M'mawa wina bambo anatenga thumba n'kulowa kanjira kakale kaja. Tinaganiza kuti apita basi. Koma anabwerako, mapazi atang'ambika, atasenza makaka, chinangwa chouma chomwe alongo awo anawapatsa tsidya lija. Anapitanso, n'kupitanso, mpaka chimanga chinacha. Amalume sanayambenso nkhani ija.

Chipewa chija amayi anachiika pakhonde, nkhuku yathu yamawangamawanga n'kumaikiramo mazira. Ndili mwana ndinkadandaula kuti chinthu chaulemu chotere achinyoza. Lero, nditalera anga ana, ndimathokoza Ambuye chifukwa cha mapazi a bambo ndi kanjira komwe palibe anakajambula papepala. Ndipo ndimaona kuti pa mapulani onse a mabwana aja, chomwe chinatipindulira ndi anapiye.