Tsiku Limene Amayi Anabweza Alendo Pakhomo

Inu amene mumati Yamikani akanena kuti kunja kukugwa mvula muyambe mwasuzumira pawindo, iyi yokha muikane ndione. Zipsera ndili nazo kumbuyo, m'munsi mwa lamba. Wokayika abwere ndimuvulire.

Ndikukumbukira ndili giredi sikisi, tikukhala ku South Bend, madokotala a ku Indianapolis atanena kuti asisi anga a Tadala, amene anabadwa ndi matenda a magazi otchedwa sikoselo, akhoza kuchira atawathira maselo a m'mafupa a munthu wina. Anatiyeza tonse, wogwirizana nawo n'kupezeka ine. Anandipopa m'chiuno ndi singano ija ndimakuuzani kuti inali ngati ndodo ya mopu. Chabwino, anali atandigoneka tulo, sindinaione. Koma ululu wake unali wa mopu ndithu.

Mankhwala amene anawapatsa asisi asanalandire maselowo anathothola tsitsi, anatulutsa zilonda m'kamwa, n'kuthetseratu chitetezo cha m'thupi. Chimfine wamba chikanatha kuwapha. Asisi atatuluka m'chipatala, amayi anachita lendi kanyumba pafupi pomwepo. Adadi anatsalira ku South Bend kuti ntchito isathe, inshuwalansi ingaduke, ndipo Loweruka amadirayiva kudzandisiya. M'nyumbamo munkanunkha bulichi mpaka m'maso kuwawa. Manja a amayi anang'ambikang'ambika. Tiyi wawo ankazizira m'kapu, iwo ali chilili ndi choyezera kutentha kwa thupi.

Kenako khungu la asisi linatuluka zidzolo. Dokotala ananena, ine ndili pomwepo, kuti maselo atsopanowo akulimbana ndi thupi lawo. Iye anati atsopano. Ine ndinamva kuti anga.

"Yami, unandipatsa zotani iwe? Ngakhale maselo ako ndi ovuta," anatero asisi, akuyesa kuseka. Ine wanthabwala uja ndinangoyang'ana zidzolo zija. Iwo anatembenukira kukhoma.

Loweruka lina masana tinamva odi. Azimayi a kutchalitchi kwathu anali atadzaza vani kuchokera ku South Bend, osaimba foni n'komwe, paja kwathu wodwala sitimupempha chilolezo kuti timuzonde. Anali m'zitenje pamwamba pa majekete, atanyamula nkhuku yootcha, mandasi ndi thobwa. Patsogolo panali mayi Gondwe, amene anatisunga m'nyumba mwawo titangofika m'dziko muno. Kumbuyo wina ankatsokomolera m'kansalu.

Amayi anatsegula pang'ono, tcheni chili chokolowekabe.

"Amake Tadala, tabwera kudzaona mwana wathu."

"Pepani amayi, simungalowe. Dokotala analetsa."

"Tingomusanjika manja, tipemphere, tizipita."

"Manjawo ndi amene ndikuopa."

Fungo la mandasi linalowa lokha pampata paja, mimba yanga n'kulira, yopanda manyazi.

"Chizungu chake chimenechi?" anafunsa mayi Gondwe motsitsa mawu. "Munafika kuno mulibe ndi jekete lomwe. Lero ife ndi amene tili ndi matenda?"

Amayi anatseka chitseko. Anatenga kansalu ka bulichi n'kuyamba kupukuta chogwirira, chimene alendowo sanachikhudze n'komwe. Anapukuta, anapukuta, kenako anakhala pansi pomwepo, mapewa akugwedezeka, osatulutsa mawu kuti wodwala asamve. Koma anamva.

"Mukanawalola, amayi," anatero asisi ali kuchipinda. "Mwina sindidzawaonanso."

Kuyambira tsiku limenelo foni ya amayi inasiya kulira. Ku South Bend kunamveka zoti tikubisa china chake. Amayi, amene ankasowa wowafunsa ngati adya, anatsala ndi ine, mwana wongodziwa kunama, komanso wodwala woyang'ana kukhoma.

Asisi anachira, mwapang'onopang'ono, ngakhale khungu silinabwerere mwakale. Masiku ano wina akadwala chonchi anthu amamuzonda pavidiyo, chakudya amasiya pakhomo, palibe wokwiya. Koma amayi ndi mayi Gondwe kutchalitchi amangogwedezerana mutu. Ndipo mpaka lero amayi amakankha zitseko ndi chigongono.

Tsopano china chija ndimachidumpha. Ndimakuuzani kuti sindinaopepo. Zoona zake, kuyambira tsiku limene dokotala ananena mawu aja mpaka tsitsi la asisi litamera, ndinkakodza pabedi, mnyamata woti mawu ayamba kale kusintha. Amayi ankaika zofunda m'makina ochapira ndi manja ong'ambika aja osanenapo kanthu, ine n'kumati palibe wina akudziwa. Chaka chatha, ndikudzitama patebulo za singano ya mopu, asisi anandidula.

"Yami, makina ochapira aja ndinkawamva Lamlungu lililonse m'mawa. Ankanditonthoza, ukudziwa? Ndinkadziwa kuti m'nyumba muja muli wina amene akuopa kuposa ine."