Kuimirira Pamaso pa Achimwene

Mdzukulu wanga wamkazi ndinamulera ndine kuyambira ali ndi zaka zinayi, mayi ake atamwalira. Ndinamuphunzitsa zimene anandiphunzitsa inenso: wamkulu akamalankhula ugwade, maso pansi, mawu ako asapitirire pamene pathera mkeka. Kuno kwa Malemia ankanditama naye.

Atapita ku yunivesite ku Zomba kukaphunzira za chuma, ndinkayesa ntchito yanga yatha. Chaka chake chomaliza anangotulukira Lachisanu masana, mpunga utayamba kucha, osaimba ndi foni yomwe. Anakhala pakhonde osavula nsapato.

"Anganga, ndalephera."

"Mayeso?"

"Zolemba ndakhoza. Chandikanika n'kulankhula."

Anandifotokozera. Analemba kabuku kofufuza chifukwa chimene ife alimi a ku Domasi timagulitsira mpunga tikangokolola, mtengo uli pansi. Koma kulemba kokha sikukwana. Umaimirira pamaso pa aphunzitsi atatu, iwo atakhala, n'kunena ndi pakamwa zimene wapeza, iwo n'kumakutsutsa. Iye anaimirira maso ali pasimenti. Mmodzi anati akweze mawu. Wina anamutsutsa dala, iye n'kuyankha kuti, "Zoona, bwana." Anamupatsa mwayi umodzi wokha, Lachiwiri. Akalepheranso abwereza chaka, ndipo amene ankamuthandiza sukulu anali atanena kale kuti wobwereza samuthandiza.

"Ndikati ndiwayang'ane, khosi limakana," anatero. "Ndimamva mawu anu."

Ndinapita kuseri kukapeta mpunga wopetapeta kale.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaitana achimwene anga. Ndi mkulu wa mpingo, mwinimbumba wathu, munthu woti akatsokomola ana amasiya mpira. Mpunga wawo amagulitsa sabata yomwe akolola, chaka ndi chaka, kwa mavenda a pa Songani. Ndinangowauza kuti mwana ali ndi mawu. Ndikanamasula zonse akanakana.

Ndinawaikira mpando patsinde pa mango. Mwana anabwera ndi mapepala ake n'kuyamba kupinda mawondo.

"Imirira," ndinatero.

Achimwene anatembenuka. "Achemwali, mwati bwanji?"

"Ndati aimirire. Iwe, mapepalawo bwera nawo kuno."

Mapepalawo ndinawakhalira. Zolembedwamo sindiziona, koma ndinali nditaona kale kuti akawagwira amabisa nkhope kumbuyo kwake.

Anayamba, mawu ngati a mwanapiye wonyowa, mwina Chichewa mwina Chingerezi.

"Sitikumva," ndinatero. "Ndipo agogo akowa sanapite ku yunivesite. Yamba ndi munthu. Anagulitsa ndani, anagulitsa liti, chinkamuthamangitsa n'chiyani? Zinazo zibwera pambuyo."

Mwana anayambanso, maso ali pansi. "Agogo, chaka chatha munagulitsa mpunga wonse usanaume bwino. Pofika Khirisimasi munakagula wodya pa Songani pomwepo, mtengo utakwera."

Achimwene anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Iwe, wakutuma ndani kuti uzindilondalonda? Kusukuluko mukuphunzira chipongwe? Wandiimirira pamutu ngati wapolisi!"

Mawondo a mwana anayambanso kupita pansi. "Pepani, ago..."

Ndinamenya ndodo pansi mpaka nkhuku zinabalalika. "Usapepese! Wayang'ane!"

"Achemwali, mukumuphunzitsa mwano ine ndili pompano?"

Achimwene ndi amene anayendetsa za ukwati wanga, ndi amene anaika maliro a amuna anga ndi a mwana wanga. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawadule mawu.

"Mufunseni, achimwene. Mutsutseni. Ku Zomba akamutsutsa kuposa inu."

Anandiyang'ana, kenako anatembenukira kwa mwana.

"Chabwino, adona ophunzira. Mpunga ndiusunge pati? Makoswe adye? Akuba aboole khoma? Mabuku akowo amawadziwa makoswe? Ndipo mtengowo sukwera kwenikweni, n'zonena za anthu aulesi."

Ndinkamva mbalame kudambo ndi ana akumenya zitini poziingitsa. Mwana ankayang'ana nsapato za agogo ake. Kenako maso anakwera, anafika pa batani la jekete, anaima. Ndinagwira ndodo ndi manja onse. Anakweranso mpaka kumaso.

"Makoswe ali m'bukumo, agogo. Simugulitsa chifukwa chosadziwa ayi. Mumagulitsa chifukwa mulibe posunga, ndipo mavenda amadziwa kuti mulibe, n'chifukwa chake amafika tsiku lomwe mwayamba kupuntha. Apo mukunena zoona." Anapuma. Mawu ankagwedera koma anamveka mpaka kumsewu. "Koma zoti mtengo sukwera, ayi. Umakwera. Ndinafunsa alimi ndi mavenda omwe. Pamenepo mwalakwitsa."

Achimwene anaimirira, anavala chipewa, anatenga njinga.

"Mwana uyu waonongeka. Ndipo mwamuononga ndinu, achemwali, ndi manja anu omwe."

Tiyi amene ndinawaphikira anazizira m'ketulo. Mwana anakhala pansi n'kuyamba kulira, akuti wandidanitsa ndi abale anga.

"Zimenezo n'zanga," ndinatero. "Pukuta kumaso. Imirira. Yambanso, uuze mpandowo."

Anauza mpando kanayi, ine ndikumutsutsa ndi chilichonse chobwera m'mutu, zina zopanda nzeru n'komwe. Akayang'ana pansi ndinkamenya ndodo.

Lolemba ndinamuperekeza pa Songani kukakwera minibasi. Lachiwiri ndinapita kudambo, foni nditaimanga pamfundo ya chitenje. Chikwakwa ndinali nacho koma sindinamwete ndi mtolo umodzi womwe. Foni inalira dzuwa litapendeka.

"Anganga, ndakhoza! Mmodzi wanditsutsa kawiri, ine ndamukana kawiri."

Ndinakhala pamlambala, miyendo m'madzi, mpaka mtima unabwerera m'malo mwake.

Achimwene sanaponde pakhomo panga mpaka mpunga wonse unalowa m'matumba. Kutchalitchi ankandipatsa moni wa mutu wokha. Tsiku limene anabwera, anadzabwereka nkhwangwa, ndipo za mwanayo sanafunse. Ndinawauza ndekha kuti wakhoza, iwo akuimangirira panjinga.

"Hm," anatero, n'kupalasa.