Nyimbo ya Bwato Imene Sindinavomere

Loweruka masana, kuholo ya pamgodi ku Bindura, kudziko la anthu olankhula Chishona, aliyense ankaloledwa kukwera pamgolo n'kuimba. Achimwene a Yohane, akwathu kuchilumba cha Likoma, anayambitsa nyimbo yathu yopalasira bwato, ija yofuna wovomera. Ndinali nditalonjeza kuti ndivomera ndine. Koma pambali panga panakhala Rudo, mtsikana amene ndinamunamiza kuti ndinabadwira ku Mazowe, m'dziko lawo lomwelo.

Achimwenewo anaiyambitsa katatu akundiyang'ana. Ine ndinazolika, n'kumakanda bondo losayabwa. Anthu atayamba kuwakuwiza kuti atsike, galu ine ndinakuwa nawo m'Chishona changa chopindikacho. Rudo anaseka ineyo, osati iwo.

Lolemba tikutsikira kumgodi, achimwene a Yohane anandipatsa moni m'Chishona: "Mangwanani, bambo a ku Mazowe."

Mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, sanandilankhulenso m'Chinyanja.