Nyama Yofiira Pamaso pa Mkamwini

Ndinapita ku Springfield, ku America, mwana wanga wamkazi atabereka mwana wake woyamba. Ndinakhala m'nyumba mwawo masabata atatu osadyako limodzi ndi mkamwini wanga. Kwathu mpongozi satafuna pamaso pa mkamwini. Iye akalowa kukhitchini, ine ndinkanyamula mbale yanga n'kukadyera pamasitepe ngati mwana wolakwa. Nkhani zathu zinkathera pa moni wa m'mawa basi.

Mwana wanga zinamufika pakhosi. Anandiuza misozi ikulengeza kuti mwamuna wake akuganiza kuti ndimadana naye. Mnyamatayo anakulira m'tauni ku Lusaka, ndipo manyazi athuwa sankawamvetsa. Zinandipweteka, chifukwa ndinkamukonda ndithu, kungoti chizolowezi chinandimanga pakamwa.

Loweruka masana mkamwini anatitengera kumalo odyera a anthu a ku Korea. Ndinapita nditatsimikiza kuti ndikangomwa madzi. Titakhala pansi, ndinaona kuti pakati pa tebulo pali dzenje, ndipo m'dzenjemo muli moto. Mayi wina wogwira ntchito pamalopo anabweretsa timbale tambirimbiri, tina ta kabichi wowawasa wa tsabola, kenaka mbale ya nyama yaiwisi, sizasi ndi chopanira. Anamwetulira n'kuchoka.

"Kodi wophika wadwala?" ndinanong'oneza mwana wanga.

"Ayi amayi, timawotcha tokha. Ndi mmene amadyera kwawo."

Kuwoloka nyanja yonse ija kuti ndidzapeze kanyenya wodziwotchera wekha!

Mkamwini anagwira chopanira monyadira. Anayala nyama yopyapyala ngati mpango, anaitembenuza kamodzi, n'kuiphula idakali yofiira. Ndinayang'ana kudenga. Anaika ina, n'kuiphulanso ikudontha. Ndinayang'ana pansi, ndikuimba nyimbo ya kwaya chamumtima. Koma atanyamula kanthuli kofiira kuti aike m'mbale ya mwana wanga, munthu woyamwitsa, mtima unandiphulika.

"Apongozi, mukufuna kundiphera mwana? Bweretsani kuno chimenecho!"

Ndinamulanda chopanira. Nyama yonse yotsala ndinaikhuthulira pamoto kamodzi, monga timachitira pachiwaya. Mafuta anayamba kuthetheka, utsi uli tolotolo, anthu a patebulo loyandikana ndi lathu akutsokomola. Mayi uja anabwera chothamanga kudzasintha chitsulo chowotcherapo, akulankhula Chingerezi chaliwiro. Ine ndinangomugwedezera dzanja kuti asade nkhawa, nyama yafika kwa eni ake. Chitsulocho anachisintha katatu.

Nyama itada bwinobwino, ndinalawa kanthuli kamodzi kuti ndimve mchere. Ndinalawanso kena kuti nditsimikize. Ndinadzazindikira ndili pa kachisanu, nditakakulunga m'tsamba la letesi monga ankachitira anzathu otsokomola aja, msuzi ukutsikira kuchigongono, mkamwini atanditong'olera maso. Manyazi anandigwira zolimba. Ndinalakalaka kulowa pansi pa tebulo, koma pansipo panadzaza mapaipi a gasi.

Iye anasendeza mbale yake pang'onopang'ono kubwera kwa ine.

"Amai, nipaseniko naine," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Ija yofiira naine nimaiyopa. Nenze kufuna chabe muone kuti niziba va ku America."

Ndinamusankhira nthuli zitatu zopsa bwino kuposa zonse, n'kumuikira m'mbale ndi dzanja langa.

"Idyani, mwana wanga," ndinatero, m'kamwa muli modzaza.